Madzi a pa mjigo kufiira m'ndowa, ndi nkhani ya transition metals

Mayi Nyirenda:
Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso limene landigwira kuyambira dzulo. Ndikuphunzitsa periodic table ndipo tafika pa zitsulo za pakati zija, transition metals. Buku lathu limangondandalika kuti n'zolimba, zimasungunuka pa moto waukulu, mankhwala ake amakhala ndi mitundu, valency yake (chiwerengero cha maelekitironi amene atomu imapereka) imasinthasintha, ndiponso zimagwira ntchito ngati catalyst, kutanthauza chofulumizitsa kusintha kwa mankhwala koma icho osatha. Ana alemba, aloweza. Kenako mtsikana wina wakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Madamu, madzi a pa mjigo wa kwathu timatunga ali mbee, koma akagona m'ndowa timapeza afiira, pansi pali zonga dzimbiri. Kodi zikugwirizana ndi zimene mukuphunzitsazi?" Ndinamuyankha kuti m'madzimo muli chitsulo. Koma ndinaona pankhope kuti sanakhutire. Iye amafuna kudziwa kuti chitsulo chomwecho chimabisala bwanji madzulo n'kudzaonekera m'mawa. Lachisanu ndikumana nawonso. Ndithandizeni ndipite ndi yankho lenileni, komanso choti achite ndi manja, chifukwa labu yathu ilibe zambiri.

A Zulu ku Kitwe:
Mayi, mwanayo mumusunge bwino. Wafunsa phunziro lonse m'funso limodzi. Pansi pa nthaka mpweya wa okosijeni ndi wochepa, ndiye chitsulo cha ayironi (Fe) chimasungunuka m'madzi chili Fe2+, kutanthauza kuti atomu yataya maelekitironi awiri. Fe2+ ikakhala yochepa siioneka ndi maso. Mukatunga, madzi aja akumana ndi mpweya, okosijeni alanda elekitironi yachitatu, yasanduka Fe3+. Imeneyi m'madzi wamba siikhala yosungunuka, imagwirana ndi hydroxide n'kudikha pansi ili yofiirira. Valency yosinthasintha imene ana aloweza ija ndi imeneyo, yachitikira m'ndowa usiku umodzi.

Mayi Nyirenda:
Zikomo a Zulu. Apo ndagwira. Koma ndikudziwa kuti afunsanso: nanga sodium wa mu mchere bwanji sachita zomwezo?

Tiyamike:
Madamu, ndiyankheko ine, tangomaliza kumene mutuwu ku koleji. Yankho lili pa mphamvu imene imafunika kuti muchotse elekitironi iliyonse. Sodium, yoyamba imachoka ndi 496 kJ pa mole (ndiwo muyeso wa mphamvuyo), koma yachiwiri imafuna 4562, pafupifupi kuchulukitsa ka 9. Chifukwa chake n'choti yachiwiriyo ili m'chipinda chamkati chodzaza kale. Ndiye sodium amaima pa +1, sapitirira. Calcium ndi 590, kenako 1145, kenako mpaka 4912, n'chifukwa chake amaima pa +2. Tsopano taonani chitsulo cha ayironi: 762, 1562, 2957. Ikukwera ndithu, koma ikukwera ngati masitepe, palibe phompho. Maelekitironi a m'zipinda zake ziwiri zotchedwa 4s ndi 3d ali pafupi kwambiri pa mphamvu, kotero atomu ikhoza kupereka awiri kapena atatu malinga ndi amene yakumana naye. Manganese ndiye amafika patali, kuchokera +2 mpaka +7.

Mayi Nyirenda:
Manambala amenewa ndiwalemba pa bolodi momwe alili. Mwana atha kuona yekha pamene pali phompho.

Sisita Chisomo:
Pepani ndilowerereko ngakhale kemisitiri ndinaisiya kalekale. Fe2+ ndi Fe3+ imeneyi ife timakumana nayo tsiku lililonse ku sikelo. Mapiritsi owonjezera magazi amene timapatsa amayi oyembekezera ndi ferrous sulphate, ndiye kuti Fe2+, chifukwa ndi imene matumbo amayamwa mosavuta. Timawauza kuti asamwere tiyi. Ambiri amaganiza kuti ndi malamulo athu chabe, koma m'masamba a tiyi muli tannin amene amagwira chitsulo n'kuchiletsa kulowa m'thupi. Lalanje, gwafa kapena malambe zimathandiza, chifukwa vitamini C amabweza Fe3+ kukhala Fe2+. Munthu wamkulu thupi lake lonse lili ndi chitsulo pafupifupi magalamu 4 okha, msomali umodzi waung'ono, ndipo chochuluka chili mu haemoglobin, chonyamula okosijeni m'magazi.

Ndipo Madamu, pali chimodzi chimene ndikupempha kuti muwauze anawo ngakhale sichibwera pa mayeso. Okosijeni amayenda m'magazi atakhala pa atomu ya chitsulo ya mu haemoglobin, amakwera m'mapapo, amatsika m'minofu. Utsi wosaoneka wa makala, carbon monoxide, umakhala pa malo omwewo koma umagwira mwamphamvu kuposa okosijeni koposa ka 200, ndipo suchoka msanga. Juni akafika anthu amalowetsa mbaula m'nyumba, atseka zitseko ndi mawindo, agona. Ndinalandirapo banja lathunthu m'bandakucha, ena sitinathe kuwadzutsa. Mwana akamvetsa kuti utsiwo ukulanda mpando wa okosijeni pa chitsulo cha m'magazi ake, sadzalola mbaula kugona m'chipinda.

A Mwale:
Zoona Sisita. Kwathu tinataya mnyamata wogwira ntchito pa shopu ya pafupi mwa njira yomweyo.

Ine funso langa ndi lina. Ndawotcherera zitsulo zaka zoposa 20. Ndikamawotcherera paipi kapena lata la galavanaizi pamatuluka utsi woyera, ndipo pamalopo pamachita chikasu pakatentha, pakazizira n'kuyera. Ndimadziwa kuti ndi zinki. Nanga poti mukuti zitsulo za pakatizi zimapanga mitundu, zinki bwanji zake n'zoyera zokhazokha? Mankhwala opaka a zinc oxide ndi oyera. Kodi zinki si wa m'gulu lomweli? Pa tchati cha mwana wanga ali mzere umodzi ndi mkuwa.

Tiyamike:
A Mwale mwalasa pamene akatswiri amatsutsana. Malinga ndi tanthauzo la IUPAC, bungwe la akatswiri a kemisitiri pa dziko lonse, transition metal ndi chitsulo chimene atomu yake, kapena ion yake (atomu imene yataya maelekitironi), ili ndi ma d orbital osadzaza. Ma d orbital ndi tizipinda ta maelekitironi, ndipo alipo 5, amalandira maelekitironi 10. Zinki ali ndi 3d10 4s2. Akataya awiri a mu 4s amatsala ndi 3d10, yodzaza ndithu. Ndiye zinki ali mu d-block, chigawo cha pakati cha tchati, koma si transition metal. N'chimodzimodzi cadmium ndi mercury amene ali pansi pake.

A Zulu ku Kitwe:
Apa Tiya ndikutsutsako pang'ono. Mabuku ambiri, ngakhale a ku yunivesite, amangotenga magulu onse kuyambira 3 mpaka 12 n'kuwatcha transition metals, zinki ali momwemo. Ku ntchito kwathu palibe amene amaima kuti asiyanitse. Ukauza mwana wa sekondale kuti zinki si transition metal, mawa akapeza buku lonena zina, asokonezeka.

Tiyamike:
Ndikuvomera kuti mabuku amasiyana, achimwene. Koma funso la a Mwale silikuyankhika mukangoti zinki ali m'gulumo. Iwo aona ndi maso kuti khalidwe lake ndi lina. Alibe mitundu, valency yake ndi +2 yokha, ndipo amasungunuka pa madigiri 420 okha, pamene mkuwa woyandikana naye umafuna 1085 ndipo chitsulo 1538. Amawira pa 907, n'chifukwa chake moto wowotcherera umamusandutsa utsi chitsulo chisanasungunuke. Zonsezi gwero lake ndi limodzi, d yake njodzaza. Kwa ine zinki ndi amene amaphunzitsa bwino phunziroli kuposa ena onse, chifukwa amaonetsa chimene chimasowa d ikadzaza.

A Zulu ku Kitwe:
Pamenepo sindikutsutsa. Ndingoti Mayi aone chimene buku la silabasi yawo likunena ndipo pa mayeso ana alembe chimenecho, koma chifukwa chake awauze monga wafotokozeramu.

Sisita Chisomo:
A Mwale, utsi woyerawo musamaupume. Umayambitsa kutentha thupi, kuphwanya ndi kunjenjemera usiku, munthu n'kumayesa malungo. Wotchererani panja kapena pamalo popita mphepo. Utsi wa stainless, chitsulo chosachita dzimbiri chija, ndiye woopsa kwambiri, uli ndi chromium +6 amene amayambitsa khansa ya m'mapapo.

A Mwale:
Kunjenjemera kumeneko kwandichitikirapo kangapo, ndikayezetsa malungo osapezeka. Lero ndadziwa. Anyamata anga ndiwauza mawa lomwe.

Koma mtunduwo weniweniwo umachokera kuti? Sindinamvebe.

Tiyamike:
Ndiyese kufotokoza ndi copper sulphate. Ion ya mkuwa, Cu2+, ili ndi maelekitironi 9 mu d, malo amodzi ndi opanda kanthu. Ikakhala m'madzi imazunguliridwa ndi mamolekyu a madzi 6, amene timawatcha ligand. Ma d orbital 5 aja asanazunguliridwe amakhala pa msinkhu umodzi wa mphamvu. Ma ligand akayandikira, awiri amene aloza kumene ma ligand akuchokera amakankhidwira m'mwamba, atatu enawo amatsalira m'munsi. Pakati pawo pakhala mpata. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mphamvu yakeyake. Elekitironi ya m'munsi imameza mtundu umene mphamvu yake ikufanana ndendende ndi mpata uja, n'kudumphira m'mwamba. Kwa mkuwa m'madzi, umene umamezedwa ndi wa mbali yofiira. Zotsala zimene zafika m'diso mwanu ndi buluu.

Tsono zinki, m'mwambamo ndi modzaza, elekitironi ilibe kodumphira, palibe chomezedwa, mankhwala ndi oyera. Titanium +4 ndi mbali inayo: d yake ilibe elekitironi ndi imodzi yomwe, palibe wodumpha. N'chifukwa chake titanium dioxide ndi yoyera mbee, ndipo ndi imene imayeretsa penti. Mchenga wa rutile umene wapezeka ku Kasiya ku Lilongwe ndi titanium dioxide yomweyo, kungoti m'nthaka imakhala yofiirira chifukwa cha tizitsulo tina tosakanikiramo. Maganizo a kugawika kwa ma orbital amenewa anayambitsa ndi Hans Bethe mu 1929. Za ma ligand ozungulira chitsulo anazitulukira kale Alfred Werner, amene analandira nazo mphotho ya Nobel mu 1913, nthawi imene za ma orbital zinali zisanadziwike n'komwe.

Mayi Nyirenda:
Tiya mwana wanga, wafotokoza bwino ndipo ine ndamva. Koma ana anga sanaphunzire za ma orbital. Ndikayamba za atatu pansi awiri pamwamba nditaya kalasi yonse.

A Zulu ku Kitwe:
Musayambire pa bolodi, Mayi, yambirani m'botolo. Copper sulphate muli naye?

Mayi Nyirenda:
Alipo pang'ono m'kabati.

A Zulu ku Kitwe:
Akwana. Chitani zitatu. Choyamba, ikani timibulu pang'ono pa chitsekerero cha botolo chachitsulo, mutenthe pa kandulo kapena pa mbaula panja. Buluu uja atha, patsala ufa woyera, chifukwa madzi amene anazungulira mkuwa achoka. Ukazizira mudonthezerepo madzi. Buluu abwerera pomwepo, ndipo chitsekerero chifunda. Ana aone kuti mkuwa sunapite kulikonse, chasintha ndi amene auzungulira.

Chachiwiri, sungunulani wina m'madzi pang'ono, mugawe m'mabotolo awiri. M'limodzi thiranimo mchere wa kukhitchini wambiri, mukhutchumule mpaka usiye kusungunuka. Madzi aja asanduka obiriwira, chifukwa chloride walanda malo a madzi ena pozungulira mkuwa ndipo mpata umene Tiya amanena wasintha. Simufunika kutchula orbital. Ingowauzani kuti mtundu umadalira zinthu zitatu: chitsulo chake, maelekitironi amene chataya, ndi amene achizungulira.

Chachitatu ndi chimene chidzayankhe mtsikana uja. M'botolo linalo ponyanimo msomali watsopano wopalidwa ndi sandipepa. Pakapita mphindi zochepa msomali uvala mkuwa wofiirira. Mukausiya, buluu azilala, madzi akhala obiriwira motuwa. Imeneyo ndi Fe2+. Chotsani msomali, botolo mulisiye lotsegula pa windo. Masiku angapo akapita lichita chikasu chofiirira, Fe3+ yabwera. Ndowa ya kwawo ija ndi imeneyo.

Ife kuno ku Copperbelt buluu ameneyu timamuona m'matanki akuluakulu. Miyala yobiriwira ya malachite ndi zotsalira za m'migodi zimathiridwa sulphuric acid, mkuwa usungunuka, kenako magetsi amaukokera pa mapuleti uli woyera 99.99 peresenti. Ku Nchanga ku Chingola akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Kumene amayenga cobalt madzi ake ndi a pinki. Munthu wozolowera amangoyang'ana mtundu n'kudziwa kuti zinthu sizili bwino labu isanabweretse zotsatira.

Sisita Chisomo:
Ana asagwire copper sulphate ndi manja n'kukadya, ndi poizoni. Mabotolowo asakhale a zakumwa zimene wina angatenge n'kumwa.

Nanga Tiya, potassium permanganate amene timatsukira zilonda? Kambulu kamodzi kamadetsa beseni lonse kukhala pepo. Ameneyu ndiye ali ndi maelekitironi ambiri odumpha?

Tiyamike:
Ayi Sisita, ndipo ameneyu ndi amene amagwetsa anthu pa mayeso. Mu permanganate manganese ali pa +7, d yake ilibe kanthu, ngati titanium uja. Potsata zimene ndanena poyamba anayenera kukhala woyera. Koma manganese amene wataya maelekitironi 7 amakoka mwamphamvu kwambiri, moti kuwala kukagunda, elekitironi imachoka pa okosijeni woyandikana naye n'kudumphira pa manganese. Amati charge transfer. Kudumpha kotere kumachitika mosavuta kuposa kwa d kupita ku d, n'chifukwa chake mtundu wake ndi wamphamvu chonchija. Njala yomweyo ya maelekitironi ndi imene imapha tizilombo pa chilonda. Ndipo mawanga a bulawuni amene amatsala pa khungu ndi m'zikhadabo ndi manganese dioxide, manganese watsika kufika pa +4. Ufa wakuda wa m'batire la tochi ndi womwewo.

A Kumwenda ku Rustenburg:
Moni kumudzi. Ndimawerenga mwakachetechete, ndangotuluka pa shifiti. Za catalyst simunazikhudze, pamene kuno ndi zimene zimatidyetsa. Platinum wambiri wa dziko lonse, pafupifupi magawo 7 mwa 10, amachokera m'miyala ya Bushveld kuno ku South Africa. Mzere wina wa miyala umatchedwa Merensky Reef, potengera Hans Merensky amene anaufufuza mu 1924. Timakumba tani yathunthu ya mwala kuti mupezeke magalamu ochepa chabe. Wambiri amakathera m'paipi ya utsi wa galimoto, pamodzi ndi palladium ndi rhodium. Carbon monoxide amene Sisita amanena uja akadutsa pamenepo amamatirira pa chitsulo, akumana ndi okosijeni amene wamatiranso pomwepo, atuluka ali carbon dioxide. Chitsulocho sichitha, chimangopereka pokumanira. N'chifukwa chake akuba amadula chigawo chimenechi pansi pa galimoto.

Alangizi Jere:
A Kumwenda mwandikumbutsa. Madamu, ana anu ambiri ndi a alimi, ndiye catalyst muwaonetse pa thumba la feteleza. Urea amapangidwa kuchokera ku ammonia, ndipo ammonia amapangidwa pophatikiza nitrogen wa mumlengalenga ndi hydrogen. Nitrogen ndi wouma mutu, maatomu ake awiri amagwirana ndi zomangira zitatu. Mu njira ya Haber ndi Bosch amadutsitsa mipweyayi pa chitsulo, pa madigiri 400 mpaka 450 ndi kupanikiza kwakukulu, ndipo chitsulo ndi chimene chimamasula zomangirazo. Fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau ku Germany mu 1913. Urea ndi CAN amene timagula amachokera ku ammonia ameneyu.

Koma chimene chimandikhudza ine kwambiri chili m'munda. Zulani tsinde la soya kapena mtedza, muone timatuza ta ku mizu. Mabakiteriya a m'menemo amachita ntchito yomweyo ya fakitale ya ku Oppau, pa kutentha kwa dothi wamba, pogwiritsa ntchito enzyme, catalyst ya zamoyo, yotchedwa nitrogenase imene pakati pake pali chitsulo ndi molybdenum. Mukang'amba katuza ndi chikhadabo n'kupeza mkati muli pinki, ndiye kuti kakugwira ntchito. Pinki ameneyo ndi leghaemoglobin, m'bale wake wa haemoglobin wa m'magazi athu, nayenso ali ndi chitsulo. Ntchito yake ndi kugwira okosijeni kuti asawononge nitrogenase. Ndikaonetsa alimi zimenezi ndi pamene amakhulupirira kuti kasinthasintha wa mbewu ndi soya amabwezeradi chonde.

Mayi Nyirenda:
Alangizi, m'munda wa sukulu muli mtedza. Ndikazula tsinde limodzi.

A Mwale:
Kamodzinso. Mlamu wanga amagula miyala, amati ruby ya ku Chimwadzulu ku Ntcheu imafiira chifukwa cha chitsulo, ngati dothi la katondo. N'zoona?

A Zulu ku Kitwe:
Katondo ndi njerwa zootcha, eya, kufiira kwake ndi Fe3+. Koma ruby ayi, ndi chromium. Mwala weniweniwo ndi aluminium oxide, wopanda mtundu. Mukalowa Cr3+ pang'ono chabe umafiira. Chodabwitsa n'choti emerald wa kuno ku Lufwanyama, kumene kuli mgodi wa Kagem, kubiriwira kwake kumachokera kwa Cr3+ yemweyo. Mu ruby maatomu a okosijeni amamupanikiza chromium kwambiri, mpata ukula, mitundu yomezedwa ikhala ina. Mu emerald mpatawo ndi wocheperapo pang'ono, ndipo kusiyana kochepa komweko kwasandutsa kufiira kukhala kubiriwira. N'zimene Mayi akachite ndi mchere wa kukhitchini, kungoti izi zachitikira m'mwala.

A Mwale:
Ndiye chromium yemweyo ndi amene ali mu stainless?

A Zulu ku Kitwe:
Yemweyo. Chitsulo chikakhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti, pamwamba pake pamapangika kachikopa kopyapyala ka chromium oxide kamene kamamatira zolimba, mpweya ndi madzi osadutsa. Mukakanda kamapangikanso kokha. Dzimbiri la chitsulo wamba limatupa n'kumayoyoka, mpweya n'kumalowabe mkati. Mapoto ambiri ndi a 18/8, chromium 18 ndi nickel 8, ndipo nickel ameneyo amasintha kaundidwe ka maatomu moti maginito sagwira bwino. Lata ndi nkhani ina: zinki amadyeka ndiye m'malo mwa chitsulo, ndipo akatha ndi pamene denga limayamba kufiira.

Mayi Nyirenda:
Ndabweranso, lero Lachisanu. Ndinachita zonse zitatu za a Zulu, botolo la msomali ndinalikonzeratu Lachitatu kuti lero aone lakale ndi latsopano pamodzi. Mtsikana uja anabwera ndi madzi a pa mjigo wawo m'mabotolo awiri osamuuza, lina lotsekedwa lodzaza mpaka kukamwa, lina lotsegula. Lotsekedwa linali likadali loyera, lotsegula litafiira pansi. Ndinamuimika kutsogolo kuti afotokozere anzake yekha, ndipo anatchula mpweya ndisanamuthandize. Za mbaula ndawauza, Sisita, kalasi inangoti zii. Mtedza tinang'amba, timatuza tambiri tinali ta pinki.

Tsopano mnyamata wina wandisiyira lina. Akuti agogo ake akathira masamba a tiyi m'madzi a mjigo womwewo, tiyi amada bii ngati inki, pamene ndi madzi a mvula amakhala wofiirira bwinobwino. Ndikuganiza kuti ndi tannin uja Sisita ananena, wagwirana ndi chitsulo. Tiya, a Zulu, ndili pa njira? Ngati ndi choncho Lolemba tikayesa ndi tiyi ndi botolo lathu la chikasu lija.

Tiyamike:
Muli pa njira, Madamu. Tannin akazungulira Fe3+ amapanga mtundu wakuda wa buluu, ndipo ndi charge transfer ngati ya permanganate. Inki ya makedzana ku Ulaya inkapangidwa motero, ndi tannin wa m'mitengo ya oak ndi ferrous sulphate. Mukayesa, mufinyiremo ndimu pamapeto, kudako kuzilala.